Mtengo wa Mkungudza

Kompyuta ya ku nazale kwathu ku Likhubula
imawerenga msanga kuposa mphunzitsi wa sitandade eyiti,
koma kumva ayi.
Dzulo ndinailembera kuti mtengo wa mkungudza wakwera,
iyo n'kuponya mawuwo m'gulu la mbawa ndi mlombwa,
ngati kambande kathu ka m'chubu
kakula usiku umodzi n'kuboola denga la ofesi.
A Namakhwa anaseka mpaka kutsamwa ndi chinangwa.
Iwe Eluby, iuze kuti tikunena makwacha,
mtengo wotulutsa m'thumba, osati wamasamba.

Ndiye lero, chiperoni chikuwaza pazenera,
ndakhalira kumangirira liwu lililonse kachikwangwani kake.
Uku ndatsegula, ndalemba kuti dzina.
Uku ndatseka.
Apa ndalama. Apa tsiku lofesa. Apa malo.
Timilomo tiwiri tosongoka kutsogolo kwa liwu,
tina tiwiri kumbuyo kwake,
ndipo ukaiwala kutseka kamodzi kokha
zimakhala ngati khola losiyidwa pululu:
mbuzi zonse m'dimba la eni,
nambala ya foni ya a Namakhwa yasanduka mtengo wa mbande.

Thuchila ndi mtsinje.
Thuchila ndi msika pomwe minibasi imaima kudikira anthu.
Thuchila ndi kanyumba kogona okwera phiri.
Mwana wa kuno sasokoneza,
amamvera pa nsapato zimene wofunsayo wavala.
Makinawa saona nsapato.
Ndinalemba Sapitwa, iwo n'kuyesa msewu watsekedwa.
Ndinalemba kuti tidzawokera mwezi ukubwerawu,
sindikudziwa ngati sanayang'ane kumwamba.

Azakhali anga a Felesiya anakalambira ku fakitale ya tiyi ku Thyolo.
Sukulu anailekera pa a e i o u,
koma thumba likadutsa pamaso pawo
amadziwa ndi chidindo chake chakuda
kuti ili ndi la masamba a kunsonga, lipita kutsidya kwa nyanja,
ili ndi fumbi, timwa tokha kuno.
Tiyi sanena dzina lake ali m'thumba, ankatero,
womusokerayo ndiye amunenere.
Ine ntchito yanga ndi yomweyo,
kungoti singano yanga ndi mabatani
ndipo R wake amafuna kudinidwa kawiri.

Mawu apamwamba pake sasintha.
Wowerenga aona zomwe ankaona kale:
mbande za mkungudza, miyezi isanu ndi itatu, zilipo.
Zikwangwani zanga zili kunsi ngati mizu,
zowerenga makina okhaokha.
Koma Lachitatu lapitali mayi wina wa ku Chitakale
anafunsa foni yake kumene angapeze mbande,
foniyo n'kumuyankha bwinobwino,
malo, mtengo, nthawi yotsegulira,
anabwera pa kabaza, natenga makumi atatu.
A Namakhwa anandiyang'ana ngati ndalodza wina.

Pali zina zomwe ndasowa pozimangirira.
Fungo la utuchi lomwe silichoka m'jekete la a Namakhwa
ngakhale anasiya macheka zaka khumi zapitazo.
Mng'ono wawo amene akadali ku ndende
chifukwa cha matabwa asanu ndi limodzi.
Chifukwa chimene bambo wa zaka zawozi
amalankhula ndi mbande m'mawa tisanafike,
kuzipepesa kapena kuziwerenga, sindinafunse.
Pamndandanda wa zizindikiro pali dzina, pali udindo,
ndawalemba kuti woyang'anira nazale,
kompyuta yavomera, yakhutira.

Magetsi aphethira kawiri.
Ndisunge msanga zisanafufutike.
Panja a Namakhwa akukokera machubu pansi pa shedi,
akuitana kuti ndibwere ndi wilibala,
ndipo pamzere wa makumi anayi ndi chiwiri
liwu lakuti mtengo laima lokha,
ndatsegula, sindinatseke.